Chitupa cha Nansen: ntchito imene idatsala bungwe litafa

Amene adaimapo pamzere wogula feteleza wotsika mtengo, chiphaso cha unzika ataiwala kunyumba, akuidziwa mphamvu ya kapepala. Amfumu akukudziwani, anansi anu akukuikirani umboni, nkhope ndi yanu yomweyo, koma mlembi ali patebuloyo akuti sangakuthandizeni. Mumabwerera chimanjamanja, mukung'ung'udza njira yonse. Komabe inu muli nako kwanu kokatenga chiphasocho, ndipo mawa mupitanso. Lero, awerengi okondedwa, ndikufuna tikambe za anthu amene adalibe kokatenga, chifukwa dziko limene lidawabala lidawakana, ndi za bungwe lina limene mbiri imalikumbukira ngati lolephera, koma ndilo lidawapatsa kapepala koyamba.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene kwathu kuno idasiya mbiri yowawa ya mtengatenga, idatha mu 1918. Atsogoleri a maiko opambana adakumana ku Paris, ndipo mwa zina adagwirizana zokhazikitsa bungwe loti lizikambitsa maiko akayambana, nkhondo ina isanabuke. Bungwelo ndi League of Nations. Lidayamba ntchito pa 10 Januwale 1920 ndipo likulu lake lidakhazikika ku Geneva m'dziko la Switzerland. Lidabadwa lotsimphina. Pulezidenti Woodrow Wilson wa ku America ndiye adalimbikira kwambiri kuti likhalepo, koma aphungu a kwawo adakana kuti dziko lawo lilowemo. Japan italanda dera la Manchuria mu 1931, bungweli lidatuma ofufuza, nalemba lipoti, zidathera pomwepo. Italy italowa mu Ethiopia mu 1935, mfumu Haile Selassie idapita yokha ku Geneva mu Juni 1936 kukadandaula pamaso pa maiko onse, ndipo idabwerako wopanda thandizo. Mu 1939 nkhondo yachiwiri idabuka, yoposa yoyamba ija. Mwana wasukulu akafunsidwa pamayeso za League of Nations, akangolemba kuti idalephera kusunga mtendere, wakhoza.

Yankholo ndi loona, koma ndi theka chabe. M'pangano lokhazikitsa bungweli mudali ndime ina chakumapeto, ndime 23, imene akuluakulu a ndale sadaiwerengere kwenikweni. Inkanena za umoyo wa anthu apantchito, za malonda ogulitsa amayi ndi ana, za mankhwala ozunguza bongo, ndi za kulimbana ndi miliri. Zidali ngati nyenyeswa zotsala patebulo la anthu okamba za malire ndi zida. Koma nyumba itagwa, zimene zidapezeka zili chiimire ndi zomwezi.

Munthu amene dzina lake lidamatirira kuntchitoyi sadali wandale, sadalinso m'busa. Fridtjof Nansen adali wa ku Norway, wobadwa mu 1861, katswiri wa sayansi ya zamoyo ndi za m'nyanja. Adatchuka ali mnyamata chifukwa chodutsa chilumba chozizira cha Greenland mu 1888, ndiponso chifukwa cha ulendo wake wa pasitima yotchedwa Fram, kuyambira 1893 mpaka 1896, umene adafika nawo kumpoto kwa dziko lapansi kuposa munthu aliyense m'mbuyomo. Akadatha kukalamba mwaulemu kwawo, akulemba mabuku. Koma mu Epulo 1920 bungwe la League lidamupempha kuti athandize kubwezera kwawo asilikali ogwidwa pankhondo.

Taganizani: nkhondo idatha kalekale, koma amuna zikwi mazanamazana adali akadali m'misasa, ena kutali ku Siberia, akufa ndi njala, chisanu ndi matenda. Akazi awo ku Germany, Austria ndi Hungary sankadziwa ngati ali amasiye kapena ayi. Nawonso asilikali a ku Russia adali atatsekeredwa ku Germany. Boma latsopano la chikomyunizimu ku Moscow silinkalizindikira bungwe la League, ndipo lidakana kukamba nalo. Lidavomera kukamba ndi Nansen monga munthu payekha. Iye sadalimbane nazo za ulemu wa udindo. Adapemphetsa ndalama ku maboma, napeza sitima, nagwirizana ndi a Red Cross, ndipo sitimazo zidayamba kuwoloka nyanja ya Baltic, kupita ndi ena, kubwera ndi ena. Pofika mu 1922, anthu oposa 427,000 adali atafika kwawo. Sindidziwa ngati pali mgwirizano wina wa ku Geneva umene udapukuta misozi m'makomo ambiri chotero.

Ntchito imeneyi isanathe, ina yolemera idali itafika kale pakhomo. Nkhondo yapachiweniweni ku Russia idathamangitsa anthu pafupifupi miliyoni imodzi, mwinanso kuposa. Mu Novembala 1920 mokha, anthu pafupifupi 150,000 adachoka ku Crimea pasitima nakatsikira ku Constantinople, mzinda umene lero timautcha Istanbul. Mudali akazembe a nkhondo, aphunzitsi, ansembe, alimi, amayi ndi makanda. Amene dzulo adali mabwana adayamba kugulitsa mphete ndi zovala m'misewu. Kenaka mu Disembala 1921 boma la ku Moscow lidalamula kuti amene adathawa osabwerera sali nzika zake. Ndi cholembera chimodzi, khamu lonselo lidasanduka anthu opanda dziko.

Kukhala wopanda dziko si nkhani ya m'maganizo chabe. Nkhondo isanayambe, munthu ankatha kuyenda mbali yaikulu ya ku Ulaya wopanda pasipoti. Nkhondo idabweretsa zipata, ndipo itatha zipatazo sizidachotsedwe. Tsono munthu wopanda chikalata sankatha kuwoloka malire kupita kumene kuli ntchito. Dziko limene alimo likatopa naye linkamuthamangitsa, dziko loyandikana nalo linkamumanga chifukwa cholowa popanda chilolezo, akatuluka m'ndende linkamukankhiranso kumene adachokera. Ukwati wake, kubadwa kwa mwana wake, ngakhale maliro ake, zonse zinkavuta kulembetsa. Achikulire amene adapitako ku Halale kapena ku Joni masiku a chitupa angatifotokozere bwino mmene mtima umagundira wapolisi akatambasula dzanja, iwe m'thumba mulibe kanthu.

Mu 1921 Nansen adasankhidwa kukhala mkulu woona za othawa kwawo a ku Russia, udindo woyamba wa mtundu umenewu m'mbiri. Adampatsa ofesi yaing'ono ndi ndalama zolipirira alembi basi, popeza maiko adanenetsa kuti bungweli lisagule chakudya kapena mabulangete ndi ndalama zawo. Munthu wopanda nkhokwe angadyetse bwanji khamu? Nansen adaona kuti ambiri mwa anthuwa sankafuna kudyetsedwa. Adali ndi manja, adali ndi luso. Ku Constantinople ndi ku Bulgaria ankangokhala, pamene ku France, kumene nkhondo idapha anyamata oposa miliyoni, mafakitale ndi minda zinkasowa antchito. Chimene chidaima pakati pa munthu ndi ntchito chidali kapepala.

Choncho mu Julayi 1922 adaitanitsa msonkhano ku Geneva, ndipo maiko adagwirizana za chikalata chimene dziko lonse lidadzachitcha pasipoti ya Nansen. Sichidali chokongola ayi. Lidali pepala lokhala ndi dzina, chithunzi, tsiku lobadwa ndi ntchito ya mwini wake. Silinkaperekedwa ndi League yeniyeniyo koma ndi boma la dziko limene wothawayo akukhala, ndipo linkagwira ntchito chaka chimodzi. Silinkampatsa munthu unzika. Poyamba silinkamulonjeza ngakhale kubwerera kudziko limene lampatsa pepalalo. Chimene linkachita ndi chimodzi: linkauza mlonda wa pamalire kuti munthu uyu alipo, dzina lake ndi ili, ndipo pali boma limene lamuona. Mu 1924 chikalatachi chidafikanso kwa anthu a mtundu wa Armenia, otsala pa kuphedwa koopsa kumene kudayamba mu 1915 m'dziko la Turkey, ndipo mu 1928 chidafikira Asuri ndi magulu ena ang'onoang'ono. M'kupita kwa nthawi maiko oposa 50 adachivomereza, ndipo anthu pafupifupi 450,000 adachilandira. Mabuku amakonda kutchula otchuka amene adachigwirapo, monga wopeka nyimbo Igor Stravinsky, wojambula Marc Chagall ndi mlembi Vladimir Nabokov. Ine mtima wanga uli pa enawo, oyendetsa matakisi ku Paris ndi osula zitsulo m'mafakitale, amene maina awo adatsala m'mafayilo.

Pali kanthu kena kamene kamandigwira mtima. Kuyambira mu 1926, wothawa kwawo amene adali ndi kangachepe ankalipira mafalanki asanu a golide pogula sitampa yokhala ndi nkhope ya Nansen, yomata pachikalata chake. Ndalamazo zinkalowa m'thumba lothandizira othawa anzake, kuwalipirira ulendo kapena kuwakongoza poyambira. Maboma olemera atamana, amphawi ndiwo adasonkherana.

Tisamuveke Nansen chisoti chopambana nkhondo zonse. Mu 1921 chilala chidagwa m'chigwa cha mtsinje wa Volga ndi ku Ukraine, pamwamba pa nkhondo ndi kulanda mbewu kumene boma linkachita, ndipo njala idasesa midzi. Nansen adaimirira pamsonkhano waukulu wa League mu Seputembala chaka chomwecho kupempha ngongole ya mapaundi 5 miliyoni yogulira chakudya dzinja lozizira lisanatseke njira. Adawakumbutsa kuti ku Canada ndi ku America tirigu adali wosefukira, ndipo ku Argentina chimanga chidachuluka mpaka ankachisonkhezera m'sitima zapamtunda m'malo mwa malasha. Ife amene tidaona njala ya 2002 tingamve bwino kulemera kwa mawu amenewo. Nthumwi zidamvetsera, zina zidawomba m'manja, koma ndalama zidakana. Chifukwa chake? Zinkaopa kuti kudyetsa anjala a ku Russia ndi kulimbitsa boma la chikomyunizimu. Nansen adatuluka nakayenda m'mizinda ya ku Ulaya akuonetsa zithunzi za ana otupa mimba, ndipo anthu wamba, mipingo ndi mabungwe adapereka. Gawo lalikulu la ntchito yodyetsa lidagwiridwa ndi bungwe la ku America lotsogozedwa ndi Herbert Hoover, limene pachimake linkadyetsa anthu oposa 10 miliyoni patsiku. Ngakhale zidatero, anthu pafupifupi 5 miliyoni adafa. Ambiri mwa maiko amene adakana aja ankadzitcha achikhristu, ndipo amene adawachonderera adali munthu wosapita kutchalitchi. Fanizo la Msamariya lija silidakalambe.

Mu 1922 Nansen adalandira mphotho ya mtendere ya Nobel, ndipo ndalama zake adazipereka kuntchito yothandiza ovutika. Chaka chomwecho adakumana ndi nkhani imene mpaka lero imagawa anthu poiweruza. Nkhondo ya pakati pa Greece ndi Turkey idatha ndi kupsa kwa mzinda wa Smyrna mu Seputembala 1922, ndipo Akhristu a mpingo wa Orthodox adathawira ku Greece mwaunyinji. Dziko la anthu pafupifupi 5 miliyoni lidalandira alendo oposa miliyoni m'nthawi yochepa. Ankagona m'masukulu, m'matchalitchi, m'nyumba za zisudzo ndi m'mphepete mwa njanji. Nansen adaona kuti a Turkey sadzawalola kubwerera, ndipo adathandiza kukonza zoti maiko awiriwa asinthane anthu. Pangano lake lidasainidwa ku Lausanne mu Januwale 1923. Akhristu ambiri a Orthodox otsala ku Turkey adayenera kupita ku Greece, ndipo Asilamu pafupifupi 400,000 a ku Greece adayenera kupita ku Turkey, kusiya nyumba ndi minda kuti othawa aja alowemo.

Muyeso wake sudali chilankhulo kapena kufuna kwa munthu, koma chipembedzo. Kudali Akhristu olankhula Chituruki chokha amene adatumizidwa ku Greece, ndi Asilamu a pachilumba cha Crete olankhula Chigiriki chokha amene adatumizidwa ku Turkey. Adasiya manda a makolo awo napita kudziko limene sadalionepo, kumene anansi adawaseka chifukwa cha malankhulidwe. Ndikaganiza za midzi ya kwathu ya kunyanja kumene Msilamu ndi Mkhristu amatunga pachitsime chimodzi ndi kukumbirana manda, ndimachita nthumanzi ndi nzeru yotere. Otchinjiriza Nansen amati anthu ambiri adali atathawa kale, ndipo otsalawo akadaphedwa. Mwina ndi zoona. Ndi zoonanso kuti League sidawataye: idakhazikitsa komiti yowapezera malo, nithandiza Greece kupeza ngongole yoposa mapaundi 12 miliyoni mu 1924, ndipo mabanja zikwizikwi adalandira minda, mbewu, ng'ombe ndi nyumba. Koma ine sindingathe kuutcha mtendere wabwino umene umabwera polekanitsa anthu monga tirigu ndi mankhusu, ndipo olamulira ena a m'tsogolo adatengera chitsanzo chimenechi pochita zoipa zoposa.

Kadzanja kena kamene kadagwira ntchito pafupi ndi Nansen nkoyenera kukatchula, kuti tisamafulumire kuweruza munthu asanafike kumapeto. Mmodzi mwa omuthandiza ake odalirika pa njala ya ku Ukraine ndi pa nkhani ya anthu a ku Armenia adali msilikali wa kwawo, Vidkun Quisling. Yemweyo ndiye adadzagulitsa Norway kwa Hitler, naphedwa mu 1945 ataweruzidwa kuti ndi woukira dziko.

Tichoke kwa Nansen pang'ono, tipite ku Aleppo m'dziko la Syria, kumene kudali mayi wina wa ku Denmark, Karen Jeppe. Iye adapita ku Urfa mu 1903 kukaphunzitsa ana amasiye pansi pa mishoni ya ku Germany. Kuphedwa kwa anthu a ku Armenia kutayamba, adabisa ena m'nyumba mwake, moyo wake uli pachiswe. Nthawi imeneyo amayi ndi ana zikwizikwi adatengedwa m'misewu ya m'chipululu, ena kugulitsidwa, ena kukwatiwa mokakamizidwa, ena kusanduka antchito m'nyumba ndi m'mahema a eni dera. Nkhondo itatha, adali akadali komweko. Mu 1921 League idampatsa Jeppe udindo wowafunafuna.

Adalibe asilikali, ndipo sadafune kulanda munthu mwamphamvu. Adatsegula nyumba yolandirira ku Aleppo, naika timalo tina m'mphepete mwa chipululu, natuma anthu kukanong'oneza m'midzi kuti amene akufuna kuthawa ali nako kolowera. Ena adabwera, ena sadabwere, pakuti adali atabereka ana kumeneko, ndipo mayi sasiya mwana. Atsikana ambiri adafika atatemedwa mphini kumaso, chizindikiro chimene chinkawachititsa manyazi pakati pa anthu a mtundu wawo. Ana ena adali ataiwala chilankhulo chawo ndi maina a makolo awo. Aliyense wofika ankalembedwa m'kaundula: dzina, mudzi, chithunzi ndi mbiri ya zimene adaziona, kuti abale akapezeka amuzindikire. Kenaka ankaphunzitsidwa kusoka, kuluka, ukalipentala kapena ulimi. Anthu pafupifupi 2,000 adadutsa pakhomo limenelo, ndipo ambiri adakumananso ndi abale awo. Jeppe adamwalira mu 1935 ndipo adaikidwa ku Aleppo komweko, pakati pa anthu amene adawatumikira. Ndalama zimene League inkamutumizira zidali zochepa ndipo chaka ndi chaka ena ankafuna kuzidula.

Ku Geneva, nthambi yoona za mavuto a anthu inkatsogozedwa ndi Rachel Crowdy wa ku Britain, mayi yekhayo amene adatsogolerapo nthambi m'bungwe lonselo. M'manja mwake mudadutsa pangano la 1921 loletsa malonda a amayi ndi ana, ndi ntchito yoyamba yowerengera mankhwala ozunguza bongo amene mafakitale ankapanga, kuti apangidwe okwanira zipatala basi. Imeneyi idayenda mwakachetechete ndipo maiko amene ankapindula ndi malondawo adaikoka miyendo. Mu Seputembala 1924 msonkhano wa League udavomereza chikalata chachifupi cha ufulu wa ana, cholembedwa ndi Eglantyne Jebb amene adayambitsa bungwe la Save the Children. Chidali ndi mfundo zisanu zokha, zonena za kudyetsa mwana wanjala, kusamala wodwala ndi wamasiye, ndi kuyamba kuthandiza mwana tsoka likagwa. Sichidali lamulo lomanga boma lililonse, komabe pangano la ufulu wa ana la 1989 mizu yake ili pamenepo.

Nthambi ya zaumoyo ndiyo idapita patali koposa. Idayamba ndi nsabwe. Nkhondo itatha, matenda a typhus, amene nsabwe zimafalitsa, adapha anthu osawerengeka ku Russia ndi ku Poland, ndipo othawa ndi asilikali obwerera kwawo ankayenda nawo m'zovala. League idatuma madokotala, sopo, mankhwala ndi zipangizo zophikira zovala kumalo olowera anthu. Amene adatsogolera nthambiyi kuyambira 1921 mpaka 1939 adali dokotala wa ku Poland, Ludwik Rajchman. Iye adazindikira kuti mliri sufunsa pasipoti, tsono maiko ayenera kuuzana msanga. Mu 1925 adatsegula ofesi ku Singapore imene inkalandira malipoti a kolera, nthomba ndi mliri wa makoswe kuchokera m'madoko a ku Asia ndi kum'mawa kwa Africa, niwaulutsa pawailesi kuti sitima ndi madoko ena akonzeke. Mu 1926 adayamba kutulutsa kalata ya sabata ndi sabata yonena kumene kwabuka matenda, ndipo kalatayo idapitirira m'manja mwa bungwe la WHO.

Akatswiri a nthambi yomweyi ndiwo adagwirizanitsa miyeso ya mankhwala. Kale botolo la mankhwala lopangidwa ku London ndi lina la ku Copenhagen ankatha kulembedwa mofanana koma mphamvu zake nkusiyana, ndipo dokotala ankabaya mongoyerekeza. Lero wodwala matenda a shuga akamawerenga mayunitsi a insulini pajekeseni yake ku Zomba kapena ku Chipata, akugwiritsa ntchito muyeso umene udakhazikitsidwa m'zaka zimenezo. Padalinso komiti ya malungo, ndi ina imene idakafufuza matenda a kaodzera ku Entebbe m'dziko la Uganda. Rajchman yemweyo, nkhondo yachiwiri itatha, ndiye adabweretsa ganizo lokhazikitsa UNICEF mu 1946, nakhala wapampando wake woyamba.

Nanga ife a ku Africa, bungweli lidationa bwanji? Apa ndiyenera kulankhula mosapsatira. Mu 1926 League idakhazikitsa pangano lothetsa ukapolo, ndipo lidathandiza: ku Sierra Leone ukapolo wa m'midzi udathetsedwa mwalamulo mu 1928. Mu 1930 ofufuza adapita ku Liberia napeza kuti akuluakulu a boma ankagwira anthu ndi kuwatumiza kukagwira ntchito pachilumba cha Fernando Po, ndipo pulezidenti Charles King adatula pansi udindo. Zidali zoyenera. Koma kudali kosavuta kufufuza dziko laling'ono la anthu akuda kusiyana ndi kufufuza maiko a atsamunda amene adakhala pamipando ya kutsogolo ku Geneva. Bungwe loona za apantchito la ILO, limene lidabadwa pamodzi ndi League, lidakonza pangano loletsa ntchito yokakamiza mu 1930, koma Portugal sidalivomereze mpaka 1956. M'zaka zonsezo abale athu a ku Mozambique ankagwidwa chibalo, ndipo Alomwe ambiri amene adawoloka malire kuthawa nkhanzazo adadzapeza thangata akuwadikira m'maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu. Thangatayo adatha mu 1962. Palibe adawatcha othawa kwawo, palibe adawalembera chitupa cha Nansen. Chifundo cha ku Geneva chidali ndi malire ake, ndipo malirewo ankatsata khungu ndi mphamvu.

Ngakhale ku Ulaya komweko chifundocho chidafooka pamene chinkafunika koposa. Nansen adamwalira pa 13 Meyi 1930, ndipo adaikidwa mwaulemu wa boma popanda mwambo wa mpingo. Ofesi yotchedwa dzina lake idapitiriza ntchito nilandira mphotho ya Nobel mu 1938. Mu 1933 padalembedwa pangano loyamba lonena kuti wothawa kwawo asabwezedwe kumene akaphedwe, koma maiko amene adalivomereza sadakwane ndi khumi omwe. Chaka chomwecho Hitler adatenga boma, ndipo Ayuda adayamba kuthawa ku Germany. Poopa kukwiyitsa Germany, League idaika ofesi yowathandiza kunja kwa mpanda wake, yopanda ndalama za bungwe. Mkulu wa ofesiyo, James McDonald wa ku America, adatula pansi udindo mu Disembala 1935, nalemba kalata yochenjeza kuti kupereka zachifundo kokha sikukwanira, maiko ayenera kudzudzula gwero la vutolo. Sadamumvere. Zimene zidatsatira tonse tikuzidziwa.

League of Nations idatsekedwa mu Epulo 1946. Nyumba yake yaikulu ya ku Geneva, mafayilo ake ndi ena mwa antchito ake zidapita ku United Nations. Ofesi ya Nansen idabadwanso mu 1950 ndi dzina la UNHCR, ndipo pangano la othawa kwawo la 1951 lidatenga nzeru ya chikalata chija niliika m'lamulo.

Ife tidakumana ndi zidzukulu za ntchito imeneyi maso ndi maso. Kuyambira cha mu 1986 nkhondo ya ku Mozambique idakhuthulira anthu m'dziko muno, ndipo pofika mu 1992 adapitirira miliyoni imodzi. Ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni mudzi. Ndidali mtumiki wachinyamata kudera lina la kumalire masiku amenewo, ndipo ndikukumbukira kuti magalimoto oyera a mabungwe asanafike, amayi a m'midzi ndiwo adayamba kugawa ufa wa m'nkhokwe zawo, mafumu nagawa malo omangapo zisakasa. Ndikukumbukiranso mmene mayi wothawa ankasungira khadi lake lolandirira chakudya, atalikulunga m'pulasitiki nalimanga pansonga ya chitenje pamodzi ndi ndalama. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, ambiri adabwerera kwawo, ndipo pofika 1995 misasa idatsala mabwinja.

Msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene kale udali ndende ya andale, udatsegulidwa mu 1994 kulandira othawa ochokera ku Rwanda, Burundi, Congo ndi kwina. Udakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma chiwerengero chidadzapitirira 50,000. Muli achinyamata amene adabadwira momwemo, nakulira momwemo, nabereka ana awo momwemo. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, koma mame a zaka makumi atatu tiwatcha chiyani? Malawi povomereza pangano la 1951 mu 1987 adasiyako ndime zina, kuphatikizapo zokhudza ufulu woyenda ndi wogwira ntchito, ndipo mu 2023 boma lidalamula othawa kwawo onse okhala m'matauni ndi m'midzi kuti abwerere kumsasa. Zifukwa za boma ndazimva, za chitetezo ndi za amalonda athu ang'onoang'ono amene amadandaula, ndipo sindizipeputsa. Dziko lathu ndi losauka, ndipo chakudya cha mumsasa chimadalira maiko akutali amene akhala akuchepetsa thandizo lawo. Koma ndi pamenepa pomwe Nansen adayambira mu 1921, ali ndi khamu la anthu a manja awiri ndi thumba lopanda ndalama. Iye sadapemphe misasa yokulirapo. Adapempha kuti mphunzitsi, telala ndi mlimi apatsidwe pepala lowalola kupita kumene kuli ntchito, kuti adzidyetse okha ndi kusonkhera anzawo. Aphungu athu akamadzaunikanso lamulo la othawa kwawo la 1989, ndikadakonda wina mwa iwo atadzaifunsa nkhani imeneyi.